ZA PAKHOMO PATHU: Kudwazika Matenda M'chipatala

Mwezi uno tikupemphani kuti mutiperekeze ku Mchinji, kumalire a dziko lathu, tikaone ntchito ina imene tsiku lina idzagwera pakhomo pa aliyense wa ife.

Amene adafikapo pachipatala chachikulu cha boma ku Mchinji mbandakucha adziwa zimene tikunena. Dzuwa lisanatuluke, utsi umakhala uli tolotolo kuchitando, amayi ali pikitipikiti: wina akupakula phala, wina akuyanika zitenje, wina wasenza ndowa ya madzi ofunda. Anthu amenewa salandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo usiku ambiri a iwo amagona pansi pa simenti. Komatu atati achoke onse tsiku limodzi, odwala ambiri angathe tsiku lonse osasamba, ena osalawa kanthu. Amenewa ndiwo odwazika matenda, amene masiku ano ambiri amangowatcha magadiyani.

Boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, lachita malire ndi Zambia ndi Mozambique. Malirewo adadutsa pakati pa mbumba za Achewa, Angoni ndi Ansenga, kotero kuti matenda akagwa, anthu amawoloka mbali zonse. Ena a kuno amapita ku Mwami, chipatala cha mpingo wa Seventh-day Adventist pafupi ndi Chipata, ndipo ena a kutsidya amabwera kuno. Wodwala angayambire ku Mkanda kapena ku Kochilira, ku Kapiri, ku Guilleme kapena ku Ludzi, natumizidwa kuboma. Zikakula amapitirira mpaka ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chimene chidatsegulidwa mu 1977 ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 100. Kulikonse kumene wodwalayo apita, pamafunika wina wa pabanja woti asiye munda wake, ana ake ndi ziweto zake, amutsate. Nanga munthu ameneyu timamusankha bwanji, ndipo timamuphunzitsa chiyani asananyamuke?

PHUNZIRO LIMENE TIDALIPEZA NDI MISOZI

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu komwe. Zaka zingapo zapitazo agogo aamuna a pabanja pathu, amene adali mkulu wa mpingo, adafa ziwalo mbali imodzi, nagonekedwa m'chipatala china chimene sititchula dzina. Idali nyengo yothyola fodya, akuluakulu onse otanganidwa, tsono tidatumiza mdzukulu wamkazi wa zaka 15. Mwanayo adayesetsa ndithu. Ankaphika phala, nawamwetsa, nawapukuta kumaso ndi m'manja. Koma kuwavula agogo ake kapena kuwatembenuza, kudamukanika chifukwa cha manyazi ndi kuchepa mphamvu, ndipo sadauze munthu.

Titapitako patatha masiku angapo, namwino adatiitanira pambali natisonyeza chilonda kumapeto kwa msana, chachikulu ngati chikhatho. Ife tidapsa mtima, tidvekere: "Nanga inu a namwino munali kuti?" Iwo adayankha mofatsa: "Bambo, usiku wathawu ndinali ndekha m'wodi yonseyi. Mukadatitumizira munthu wamkulu, tikadamusonyeza katembenuzidwe kake." Tidasowa chonena. Kuthamanga kwa magazi kudatsika pasanathe milungu iwiri, koma chilondacho chidatenga miyezi kuti chipole, ndipo chidawazunza agogowo koposa matenda amene adawatengera kuchipatala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nchifukwa chake talemba nkhaniyi.

NDANI NDI NDANI M'WODI?

Ife a kumudzi, aliyense wovala yunifolomu timamuti "a dokotala", ngakhale mlonda wa pageti. Ulemuwo ngwabwino, koma umatisokeretsa, pakuti timafunsa za matenda kwa munthu amene ntchito yake ndi ina, ndipo akalephera kuyankha timati ngwamwano.

Amene amapima wodwala, natchula matenda, nalemba mankhwala, ndiye dokotala kapena clinical officer. Madokotala ngochepa m'dziko muno. Kumbukirani kuti sukulu yathu yoyamba yophunzitsa madokotala idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kale onse ankakaphunzira kunja. Chotero m'zipatala za m'maboma ntchito yambiri, ngakhale opaleshoni ya amayi ovutika pobereka, imagwiridwa ndi ma clinical officer. M'zipatala zazing'ono za kumidzi kawirikawiri mumapezeka medical assistant. Anthu amenewa amayendera odwala bedi ndi bedi pa nthawi imene amati raundi. Wodwazika wanzeru amakonzekeratu: kodi wodwala wadya? Wasanza? Wakodza kangati? Wagona tulo? Mayankho amenewa amathandiza wopimayo koposa kungoti "sakupeza bwino".

Namwino ndiye amakhala ndi odwala usana ndi usiku. Amapereka mankhwala pa nthawi yake, amabaya jakisoni, amaika diripi, amatsuka mabala, amayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, nalemba zonse. Kwa amayi oyembekezera kuli azamba. Onsewa amalembetsedwa ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene lidakhazikitsidwa mu 1966, ndipo ena a iwo adaphunzira kusukulu yathu ya unamwino ku Nkhoma, kumene Sinodi yathu ili ndi chipatala chimene chidayamba mu 1915. Wodi iliyonse ili ndi namwino wamkulu woiyang'anira, ndipo pamwamba pa anamwino onse pali a matroni.

Palinso antchito othandiza m'wodi, amene amakolopa, amasintha nsalu za pabedi, amanyamula odwala pamachira, natulutsa zinyalala. Awa salemba mankhwala, koma popanda iwo chipatala chingasanduke dzala. Akatiuza kuti tituluke akolope, tisanyinyirike. Kuseri kuli oyeza magazi, ogawa mankhwala, ophika, ndi afizo amene amaphunzitsa ziwalo zofooka kugwiranso ntchito. Wodwala akatuluka, kumudzi amakapeza alangizi a zaumoyo.

Pakakhala dandaulo lenileni, njira yake ilipo: yambani ndi namwino woyang'anira wodi, kenaka a matroni, ndiponso m'zipatala za m'maboma muli ofesi ya Ombudsman wa chipatala. Chithandizo cha m'mawodi wamba a boma nchaulere, pomwe m'zipatala za mipingo, zimene zili m'bungwe la CHAM, mumakhala kulipira kovomerezeka ndi risiti yake. Mkhristu asapereke kapena kulandira ndalama ya m'manja mobisa.

Kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala ndi mbali ya unamwino ndithu. Pamene Florence Nightingale adafika ku Scutari mu 1854 kukasamala asilikali, adapeza kuti ambiri ankafa ndi matenda obwera ndi uve koposa mabala a kunkhondo, ndipo adayamba ndi sopo, madzi, nsalu zoyera ndi chakudya. Sukulu ya anamwino imene adaitsegula ku London mu 1860 idamangidwa pa maziko amenewa. Koma kuno kwathu, namwino mmodzi akakhala ndi odwala makumimakumi, ntchito zimenezi zimatsalira wodwazika. Mutu umodzi susenza denga.

NTCHITO ZISANU ZA WODWAZIKA

Yoyamba ndi kusamba m'manja. Sambani ndi sopo pamadzi oyenderera musanakhudze wodwala, musanamudyetse, mukamuthandiza kudzithandiza, ndiponso mukachokera kuchimbudzi. Mwambo wathu wosambira m'beseni limodzi usiyidwe. Wina athire madzi, wina asambe. Kolera imene idayamba mu Malichi 2022 mpaka kulowa mu 2023 idatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo idatikumbutsa kuti manja ndi madzi ndiyo njira imene matenda amayendamo. Pokhudza magazi, mafinya kapena chimbudzi, pemphani magolovesi.

Yachiwiri ndi kusambitsa. Wodwala wosatha kudzuka asambitsidwe pabedi tsiku ndi tsiku ndi madzi ofunda, sopo ndi kansalu koyera. Tchingani ndi chitenje kuti anthu asamuone, ndipo vundukulani pokhapo pamene mukusambitsa, pena ponse pakhale pofunda. Yambani kumaso, kenaka mikono, chifuwa, mimba, miyendo ndi msana. Malo obisika akhale omaliza, ndi madzi atsopano ndi kansalu kena. Pukutani bwino m'khwapa, m'mphechepeche ndi monse mopinda khungu, nimudzoze mafuta pang'ono. M'kamwa musaiwale: tsukani m'mawa ndi madzulo ndi mswachi wofewa kapena kansalu konyowa kokulunga pachala. M'kamwa mwauve mumaphetsa chilakolako cha chakudya. Ngati wodwala ali chikomokere, mugonekeni chammbali ndipo musathire madzi m'kamwa mwake. Chimene wodwala angathe kuchita yekha, monga kupesa kapena kusukusula, mulekeni achite, kuti mphamvu ndi ulemu wake zisathe.

Yachitatu, imene ife tidaiphunzira mochedwa, ndi kutembenuza. Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, mnofu umapanikizika pakati pa fupa ndi matiresi, magazi naleka kufikapo, ndipo mnofuwo umayamba kufa kuchokera m'kati. Malo oopsa ndi kumapeto kwa msana, m'mbali mwa chiuno, zidendene, zigongono, mapewa ndi nkhongo. Mutembenuzeni pakatha maola awiri alionse, usiku womwe: kumanzere, chagada, kumanja. Chitani muli awiri, momunyamula osati momukhwekhwereza. Pindani chitenje muike pakati pa mawondo, china pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zisakhudze bedi. Nsalu ya pabedi ikhale youma, yosakwinyika, yopanda nyenyeswa za chakudya. Pa khungu lathu lakuda chizindikiro choyamba sichioneka chofiira kwenikweni. Malowo amada koposa pena ponse, amatentha kapena kuuma gwa. Mukaona zotere uzani namwino tsiku lomwelo. Kale tinkauzidwa kuti malo otere tiziwatikita kolimba ndi sipiriti, koma lero zadziwika kuti kutero kumaonjeza kuononga mnofu. Chofunika ndi kuchotsapo kulemera kwa thupi.

Yachinayi ndi kudyetsa. Mukhazikeni tsonga, kapena mutsamiritseni bwino, musanamupatse kanthu. Patsani pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, nimudikire kuti ameze. Akatha kudya akhalebe chotsamira kwa theka la ola. Akamatsokomola kapena kutsamwa pomeza, monga amachitira ambiri ofa ziwalo, lekani msanga nimuuze namwino, pakuti chakudya chikalowera njira ya mpweya chimayambitsa chibayo. Ku Mchinji Mulungu adatipatsa mtedza ndi soya wochuluka. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, nyemba zosakaniza bwino, masamba ndi zipatso zimamanga thupi ndi kupoletsa mabala koposa zakumwa zozizira zimene timakonda kunyamula pokazonda. Wodwala shuga, impso kapena kuthamanga kwa magazi, funsani kaye zimene ayenera kudya.

Yachisanu ndi kumuthandiza kudzithandiza. Iyi ndiyo ntchito yoyesa chikondi. M'wodi muli ziwiya zake. Pemphani, nimuzitsuke pamalo amene akuonetsani. Mupukuteni kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo musamusiye m'nsalu zonyowa, chifukwa mkodzo umafewetsa khungu nufulumiza zilonda. Ngati adamuika paipi ya mkodzo, thumba lake likhale munsi mwa chiuno koma losakhudza pansi, ndipo musalitaye musanafunse ngati namwino akufuna kuyeza kuchuluka kwake. Koposa zonse, musaonetse kunyansidwa pankhope. Wodwalayo ali kale ndi manyazi ake.

ZIMENE WODWAZIKA SAYENERA KUCHITA

Musatsegule kapena kutseka diripi kuti ithe msanga; liwiro lake lidawerengedwa, ndipo madzi olowa mothamanga angathe kulemetsa mtima. Musachotse paipi ya mpweya wa okosijeni, ndipo musayatse moto pafupi nayo. Akanena kuti wodwala asadye kapena kumwa chifukwa akupita kuopaleshoni, mverani ngakhale akulira njala, pakuti akasanza ali m'tulo ta mankhwala, masanziwo angalowe m'mapapo. Musagawane mankhwala ndi wa bedi loyandikana. Musalowetse mankhwala a zitsamba mobisa m'botolo la tiyi. Makamaka kwa amayi a kuchidikiro, mankhwala ofulumiza kubereka monga mwanamphepo angathe kung'ambitsa chiberekero, mayi ndi mwana natayika. Ngati wodwala adamwa kale kanthu kumudzi, ululani. Safuna kukuimbani mlandu, akufuna kudziwa chimene akulimbana nacho.

Thamangani kukaitana namwino, ngakhale pakati pa usiku, mukaona wodwala akubanika, akutaya magazi, akuphiriphitha, sakudzuka pomugwedeza, kapena pamene pali diripi patupa. Safunsa adadya phula.

Tichenjezenso za alaliki ena amene amauza odwala kuti asiye mankhwala kapena athawe m'chipatala monga chizindikiro cha chikhulupiriro. Yakobo 5 amatilangiza kuitana akulu a mpingo kudzapempherera wodwala, ndipo tizitero ndithu. Koma Paulo yemwe adali ndi bwenzi lake Luka amene adali sing'anga, monga tiwerenga pa Akolose 4:14. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Zonse ndi mphatso za Mulungu mmodzi.

MWAMBO NDI MANYAZI

Mwambo wathu umalemekeza thupi la kholo, ndipo suloleza mkamwini kapena mtengwa kuyandikira apongozi mwachisawawa. Ulemu umenewu tisautaye, koma utitsogolere posankha wodwazika. Mwinimbumba ndi akuluakulu a banja akhale pansi asankhe munthu wamkulu, wamphamvu, amene wodwalayo angamasuke naye: mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, kapena mwini banja lake. Abambo, titchulane pano. Ngakhale m'wodi ya amuna, odwazika ambiri ndi amayi, ena ali ndi mwana kumbuyo. Kodi abale aamuna ali kuti? Ambuye wathu adavula chovala chake, namanga nsalu m'chiuno, nasambitsa mapazi a ophunzira ake, monga Yohane 13 amafotokozera. Ndani wa ife ali wamkulu koposa Iye? Pamene palibe wina woti athandize, moyo upambana manyazi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Tisatulutsenso mwana wamkazi m'sukulu kwa milungu yambiri kuti akadwazike. Kuchitando sikoyenera mtsikana kugona yekha, ndipo mayeso sadikira munthu. Akuluakulu asinthane, wina mlungu uno, wina mlungu wamawa.

WODWALA WOPANDA MBALE

M'boma la m'malire ngati Mchinji mumapezeka odwala amene abale awo ali kutali: matenanti a m'maesiteti a fodya ochokera kumwera, oyendetsa magalimoto akuluakulu opita ku Lusaka, ochita malonda, ndi ena owoloka kuchokera ku Zambia kapena ku Mozambique. Nthawi ya chakudya ikakwana, mabedi ena amazunguliridwa ndi abale, koma pali bedi limodzi pangodya pamene sipafika munthu. Timakumbukira wodwala wa ku Betesda wa pa Yohane 5, amene adadwala zaka 38, ndipo dandaulo lake lidali lakuti adalibe munthu womuthandiza kulowa m'thamanda. Odwazika ambiri, ngakhale ali osauka, amagawako phala ndi madzi kwa otere, ndipo tiwayamike. Msamariya wa pa Luka 10 sadafunse za mtundu kapena kwawo kwa wovulala uja. Adatsuka mabala, namunyamula, nalipira wosunga alendo.

Amayi a Chigwirizano akhala akuzonda odwala kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yawo njodziwika. Tingopempha kuti kazondedwe kathu kakhale kothandiza. Khamu la anthu makumi awiri lozungulira bedi limodzi, likuimba mokweza, limatopetsa wodwala, limasokoneza oyandikana naye, nilitsekereza antchito. Pitani awiri kapena atatu pa nthawi yovomerezeka, pemphani chilolezo kwa namwino, werengani Mawu mwachidule, pempherani motsitsa, ndipo funsani ngati muli wodwala wopanda womusamala. Nyamulani sopo, ufa, nsinjiro, nkhuni ndi chitenje. Musaiwale wodwazikayo: mmodzi wa inu atsale usiku umodzi kuti iye agone tulo, ndipo mpingo wa kumudzi ukamupalirire munda kapena kumukumbira mtedza. Wodwazika akatopa nadwala, banja limakhala ndi odwala awiri.

MAWU KWA ACHINYAMATA

Inu anyamata ndi atsikana, mphamvu muli nazo. Kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kunyamula agogo pamodzi ndi wamkulu, kupalasa njinga kukapereka ufa kuchitando, zonsezi nzanu. Phunzirani ntchito zisanu zija lero, makolo anu akadali amphamvu. Amene muli ndi thanzi labwino, perekani magazi pamene a Malawi Blood Transfusion Service, bungwe limene lidayamba mu 2003, afika pasukulu kapena pampingo panu. Amayi otaya magazi pobereka ndi ana ochepa magazi chifukwa cha malungo amapulumukira pamenepo. Ndipo amene Mulungu akukuitanani ku unamwino, limbikani masamu ndi sayansi, koma dzifunseni kaye ngati mungathe kusambitsa munthu wosamudziwa ndi nkhope yosangalala.

Pa Mateyu 25 Ambuye amawerengera kuzonda wodwala monga ntchito yochitira Iye mwini. Madzulo ano, mukatha kudya, kambiranani m'banja mwanu mafunso awa: Kodi mmodzi wa ife atagonekedwa m'chipatala mawa, angapite kukadwazika ndani? Nanga ana ake ndi munda wake angasamale ndani? Kodi pampingo pathu pali ndani amene alibe mbale woti angamutsate? Mukatero, pemphererani odwala, odwazika, anamwino a usiku ndi onse okolopa m'mawodi athu.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kusamala wodwala amene watuluka m'chipatala nabwerera pakhomo. Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.